Ndinalira Doko pa Tsiku la Malata

Chaka chimene boma latsopano linalengeza kuti sukulu ya pulayimale ndi yaulere, ine ndinagwira choko ndisanaponde pakhomo la koleji. Ana anatuluka m'midzi ngati ngumbi, aphunzitsi n'kuchepa, ndiye ife amene tinali titangomaliza sekondale anatitola, n'kutiphunzitsa kwa masabata ochepa ku Salima, kenako n'kutibweza kwathu kuti tikagwirizire. Anatilonjeza kuti amene ahedi ake adzamuchitire umboni wabwino adzapita kumaphunziro a uphunzitsi ndipo ntchito yake idzakhazikika. Choncho tsogolo langa lonse linali m'thumba la malaya a ahedi, limodzi ndi bolopeni yawo yofiira.

Sukulu yake inali yomwe ndinaphunzirapo ineyo, kufupi ndi Senga Bay, ndipo ahediwo ndi amene anandiphunzitsa Chichewa ndili kamtsikana kosadziwa nsapato. Podziwa kuti pakamwa ndinali napo kuyambira kale, anandipatsa Chichewa cha makalasi akuluakulu. Kalasi yanga inali pansi pa mtengo wa mango, bolodi titakhomera pathunthu. Mvula ikayamba tinkathawira pakhonde la ofesi, mabuku titabisa m'malaya.

Pa zonse zomwe ndinkaphunzitsa, ndakatulo ndizo zinali kumtima kwanga. Mayina a zipangizo zake ankaopsa ana, ndiye ine ndinkawatsitsira kunyanja komwe ana ankakudziwa. Voko, ndinkawauza, ndi kukokomeza dala, monga atate anu akamati kampango amene anawapulumuka dzulo anali wotalika kuposa bwato. Umunthu ndi kulankhula ndi chinthu ngati kuti chili ndi makutu, monga amayi anu akamakalipira mwera chifukwa choletsa asodzi kulowa m'madzi. Chibwereza ndi mzere umene umabwerabwera, wonga mawu amene okoka khoka amavomera akamakoka chingwe, ndipo mzere umenewo si wa mlakatuli yekha, ndi wa aliyense amene akumvera. Zonsezi ndinazitenga kwa ahedi omwewo. Iwo analinso ndi lamulo lawo pa mitundu ya ndakatulo. Yamatamando, yachikondi, yodandaula, yamaliro, iliyonse ili ndi bwalo lake. "Suvala duku la pamaliro popita ku ukwati," ankatero.

Yamatamando ndinkaidziwa kuposa ina iliyonse. Nthawi ya chipani chimodzi ine ndinali kamlakatuli ka sukulu. Kukabwera wamkulu aliyense ankandidzoza mafuta mpaka chipumi kung'anima, n'kundiimika patebulo kuti ndioneke, ine n'kuyamba kukuwa zomwe ahedi analemba: inu phiri losakwereka, inu mvula yosaphonya mudzi. Alendo ankasintha, koma phiri ndi mvula zinali zomwezo. Masiku amenewo munthu sunkafunsa, unkangoloweza. Nditakula ndinayamba kuchita nazo manyazi, ndipo tsiku limene tinaponya voti yofuna matipate ndinadziuza kuti patebulo paja sindidzakweraponso.

Amayi anga ankayanika usipa. Anandilera okha, ndipo sukulu yanga yonse inatuluka pa matandala awo, timisanja tabango tija timene amayalapo nsomba kuti ziume, pa doko la m'mudzi mwathu. Doko limenelo linali msika wathu, bwalo lathu, pochapira pathu. Akhristu ndi Asilamu tinkakumana pomwepo m'mawa mabwato akamakocheza, ndipo nkhani iliyonse ya m'mudzi inkayambira pamenepo isanafike m'makomo. Ndiye chaka chomwecho cha ufulu wolankhula, munthu wina wachuma wa ku Lilongwe anagula malo oyandikana ndi doko n'kumanga loji yogonamo alendo. Patapita miyezi waya wake anayamba kuyenda. Tinadzuka tsiku lina n'kupeza mpanda wafika mpaka m'madzi, matandala atazulidwa n'kuunjikidwa kunja, mlonda ataima pachipata. Amene anagulitsa sanadziwike, aliyense ankaloza mnzake. Amayi ndi anzawo anasamukira ku doko lina kuseri kwa miyala, ulendo woti ukafika khosi litauma ndi beseni.

Chodabwitsa n'chakuti masiku amenewo dziko lonse linali pakamwa yasa. M'minibasi anthu ankatukwana atsogoleri mowatchula mayina, pawailesi aliyense anali mlakatuli. Koma za doko lathu anthu ankangong'ung'udza m'makhonde. Kutukwana munthu wakutali n'kosavuta. Uyu anali pafupi, ndipo ana ena a m'mudzi anali atayamba kale kuchapa ndi kuphika ku loji kwake.

Kenako kunabwera nkhani ya malata. Mwini loji uja analonjeza kufolera chipinda chimodzi cha sukulu chimene makolo anaumba okha njerwa zake, ndipo aphungu athu atsopano anati adzabwera kudzalandira mphatsoyo pamaso pa anthu. Ahedi anandiitanira mu ofesi. Pamaso pa ana ankanditchula kuti madamu, koma chitseko chikatsekedwa ndinkabwerera kukhala iwe.

"Iwe, tsiku la malata ulakatula," anatero, akundipatsira pepala lofiirira ndi ukalamba.

Inali ndakatulo yomwe ija ya patebulo. Anangofufuta dzina lakale ndi bolopeni n'kulemba la mwini loji pamwamba pake, ndime yomaliza n'kusiyira aphungu.

"Ahedi, munthu ameneyu ndiye mvula yosaphonya mudzi?"

"Ndi voko limenelo. Waiwala kale zimene umaphunzitsa?"

"Voko ndimalidziwa. Munatiuza nokha kuti voko limakulitsa chinthu chimene chilipo. Kampango amayamba wakhalapo, kenako msodzi n'kumutalikitsa. Apa kampango wake ali kuti? Munthu wazula matandala a amayi anga, ine ndikaime pagulu n'kumutcha mvula?"

Anavula magalasi n'kutikita maso. Sanali munthu woipa ahedi athu, ndipo chimenecho ndicho chinkandipsetsa mtima kwambiri, chifukwa munthu woipa umamukana osavutika.

"Mwana wanga, ana ako amanyowa. Mabuku amanyowa. Ndakatulo sifolera nyumba. Munthu akakupatsa malata umathokoza, za doko zili ndi eni ake." Kenako anatsitsa mawu. "Ndipo usaiwale kuti umboni wako uja sindinalembe."

Ndinatuluka ndi pepalalo m'manja. Amayi ndinawapeza pakhonde akusankha usipa, ndipo nditawafotokozera sanadzutse n'komwe mutu.

"Kukana nsalu ya akulu n'kuviika," anatero. "Vomera, tsikulo udzadwale mutu. Kapena ukanene zomwe akupatsazo, mawu okha sapha munthu. Ine sindinakuphunzitse kuti udzabwerere kudzanunkha nsomba ngati ine."

"Amayi, doko lija linali lanu."

"Linali. Ndiye ukalankhula iwe waya adzizula yekha? Usandichititse manyazi pagulu, wamva?"

Ndinamva. Koma Loweruka masana ndinayenda m'mbali mwa mpanda uja kuchokera kumsewu mpaka kumadzi. Mkatimo mchenga anali atausesa bwinobwino, ataikamo mipando yogonapo ndi timisasa taudzu. Maenje a mitengo ya matandala anali atakwiriridwa, moti mlendo sakanadziwa kuti pamenepo panadyetsapo mudzi. Ndinkaganiza zopeka ndakatulo yodandaula, yofatsa, yopempha mwaulemu. Koma chimene chinandikwera pakhosi ndili chiimire pawayapo chinali china. Anali mawu aja amene azimayi amalira nawo pasiwa, oitana wakufa ndi kumufunsa mafunso amene sangayankhe. Ndinazindikira kuti ndakatulo yanga ndi yamaliro, ndipo ndinachita mantha.

Manthawo anali oyenera. Kwathu kulira maliro popanda mtembo ndi malodza. Ana akamayeseza kulira kwa pasiwa posewera amawakwapula, pakuti amati akuitana imfa m'mudzi. Kudzudzula akanandikhululukira, poti inali nthawi ya matipate ndipo aliyense ankadzudzula. Koma kulira pa tsiku lachisangalalo, pamaso pa alendo amoyo, kunali kwina. Chimene chinandilimbitsa mtima chinali chimodzi chokha, chakuti sindinkanama. Chinthu chinali chitafa ndithu, ndipo panalibe amene anayala masamba pamsewu kuti odutsa adziwe.

Nsalu ya ahedi ndinaiviika, koma osati momwe amayi ankafunira. Akandifunsa ngati ndaloweza, ndinkayankha kuti ndaloweza, ndipo sindinkanena kuti ndaloweza iti.

Tsikulo linafika kuli dzuwa loswa mtengo. Malata anawasanja kutsogolo kuti aliyense awaone, akuthobwa m'maso. Aphungu ndi mwini loji anakhala pa mipando yobwereka kutchalitchi, ahedi pambali pawo atavala jekete m'kutentha konseko. Ana anakhala pansi kutsogolo, makolo pambuyo pawo, ndipo kumbuyo kwenikweni, pamthunzi wa mango wanga uja, kunali azimayi a padoko, ena ndi mabeseni awo omwe. Amayi anga anali pakati pawo. Kwaya itaimba, ahedi analengeza kuti madamu athu atipatsa ndakatulo yamatamando.

Ndinaimirira, ndinatulutsa chitenje m'chikwama, ndinachimanga m'chiuno pamwamba pa diresi, n'kumanga duku. Azimayi kumbuyo kuja anasiya kulankhula, chifukwa mavalidwe amenewo amawadziwa. Kenako ndinayamba kulakatula.

Doko lathu iwe, wagona bwanji usana uno?
Dzuka, mabwato abwera, akusowa pokocheza.
Doko lathu iwe, watisiya ndi yani?

Unadwala liti osatiuza?
Tikanabwera ndi phala, tikanakhala pambali pako.
Takupeza atakukulunga kale mu waya.
Doko lathu iwe, watisiya ndi yani?

Pa ndime yoyamba aphungu anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala imene ithere pa kuyamika. Pa yachiwiri kuseka kunawathera. Ndinatchula matandala, ndinatchula mabwato, ndinatchula ana amene anaphunzirira kusambira pamenepo ndi makosi a azimayi amene tsopano akuuma ndi mabeseni. Dzina la munthu sindinatchule ngakhale limodzi. Pamaliro umalira wako, za amene wapha zimakambidwa pambuyo.

Pa ndime yachitatu chibwereza chinagwira ntchito yake. Mayi wina wachisilamu, mnzawo wa amayi, anavomera kumbuyoko: watisiya ndi yani? Ena anamutsatira. Ana a kalasi yanga, amene ndinawaphunzitsa ndekha kuti mzere wobwerabwera ndi wa aliyense, anavomera onse pamodzi. Kenako pansi pa mango paja panabuka kulira kwenikweni, kwa misozi, kuja kumene kumamveka mpaka mudzi wina. Bambo wina amene ankadutsa pamsewu anatsika panjinga n'kuvula chipewa.

"Astaghafirullah!" anakuwa mkulu wina wa kumzikiti, ataimirira ndi ndodo yake. "Kwafa ndani pano? Mwana ameneyu akutiitanira chiyani?"

Ahedi anayamba kuomba m'manja kuti ndidziwe kuti ndamaliza, uku akukodola kwaya ndi mutu. Ine ndinali ndisanamalize. Inatsala ndime ina, ndipo ndinainena yonse, mosafulumira, maso ali pa malata. Ndili kamtsikana ndinkamaliza mizere yawo yonse osadumpha ngakhale umodzi, ndiye yangayi sindikanaidula. Pokhala pansi ndinayang'ana kumango kuja. Amayi anga okha ndiwo sanavomere. Anali atazolika, akukanda mamba a nsomba pamkono pawo.

Aphungu polankhula anati umenewu ndiwo ufulu umene tinavotera, anthu n'kuomba m'manja mokayika. Za doko anati aziona. Mwini loji anakwera galimoto yake chakudya chisanafike.

Lolemba ahedi anandiitana. Ulendo uno chitseko chili chotseka ananditchulabe kuti madamu, ndipo ndinadziwa kuti zavuta.

"Madamu, mwalira maliro pamaso pa anthu amoyo. Bwana wa loji akuti mwawalodza. Makolo ena akuti ana awo asaphunzitsidwe ndi munthu woitana imfa. Mukanadzudzula, ndikanati ndi chibwana. Mukanalemba yodandaula, ndikanakuikirani kumbuyo. Koma yamaliro? Si ine ndinakuphunzitsani kuti iliyonse ili ndi bwalo lake?"

"Bwalo lake linali lomwe lija, ahedi. Ofedwa onse analipo."

Anausa moyo. Anati njira yatsala imodzi. Loweruka ku loji kukhala alendo, ndiye ndipite ndikapepese, ndikalakatule ya papepala ija pamaso pawo, nkhani ithe, iwo alembe umboni wanga. Ananena mondichonderera, ngati kholo. Ndinawamvera chisoni, ndipo mpaka lero sindiwasungira mangawa. Ndinawauza kuti kwa mkulu wa kumzikiti ndi kwa makolo amene ndinawaopseza ndipita ndekha kukapepesa, pakuti mantha awo ndikuwamvetsa. Koma kukaima pa mchenga umene anazulapo matandala a amayi, n'kumutcha munthu uja phiri ndi mvula, zimenezo ayi. Ndinatulutsa pepala lawo m'chikwama n'kuliika patebulo ndi manja awiri.

Kwa mkulu wa kumzikiti ndinapita tsiku lomwelo poweruka. Ndinawapeza pakhonde akusoka ukonde, ndinagwada chapatali n'kunena zomwe ndinabwerera. Anandimvera mpaka kumapeto.

"Mwana wanga, bwato langanso linkakocheza pomwe paja," anatero. "Sindikuti unanama. Koma mawu ako unawaveka nsanda, ndipo nsanda sitiseweretsa. Kupepesa kwako ndalandira. Allah atiteteze tonse."

Sindinatsutsane nawo. Ndinathokoza n'kudzuka, koma mumtima ndinkati nsandayo si ine ndinaisoka.

Malata anakhomedwa ndithu, ndipo ndinakondwa kuona ana akuphunzira osanyowa. Munthu asaname kuti ndinkadana ndi malata. Anzanga ogwirizira anapita kumaphunziro, ine ndinatsala. Teremu itatha anandiuza kuti aphunzitsi akwanira. M'mudzi ena ankandipatuka panjira, ndipo mwini loji atadwala malungo zala zonse zinaloza kwathu, ngati kuti udzudzu wa ku Senga Bay umadikira ndakatulo kuti ulume munthu. Anachira. Waya sanasunthe ngakhale pang'ono, ndipo aphungu aja, ngati za doko anaziona, anazionera kutali.

Ndinasenza beseni n'kutsatira amayi kuseri kwa miyala. Chimene ankaopa chinachitika, mwana wawo wa sekondale anabwerera kudzanunkha nsomba. Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Tinkalankhula za mchere, za nkhuni zofutsira usipa, za mwera, koma za tsiku la malata ayi. Kukhala chete kumeneko kunkandipweteka kuposa kuchotsedwa ntchito. Sindinkanong'oneza bondo pa zimene ndinanena, ndipo akanandibwezera tsikulo ndikanamanganso duku lomwelo. Koma ndinkadzifunsa ngati ndinawalirira doko lawo kapena ndinangowalanda mwana mphunzitsi.

Mvula itatha, m'mawa wina tikutembenuza usipa, aliyense mbali yake ya thandala, amayi analankhula osandiyang'ana.

"Zija unanena zija, unasiya zina."

Ndinaima, manja ali m'nsomba.

"Unatchula mabwato, unatchula matandala. Sunatchule pomwe anawagoneka atate ako."

Atate anamira m'nyanja ine ndili kumsana, ndipo m'nyumba mwathu nkhani yawo sinkakambidwa. Ine ndinkadziwa manda awo okha. Amayi anandiuza kuti asodzi atawavuula anawagoneka pamchenga, pafupi ndi mwala wathyathyathya kumanzere kwa doko, n'kuwafunda chitenje podikira abale. Thandala lawo loyamba amayi analimanga pamalo pomwepo dala, ndipo zaka zonsezo, bango likaola n'kumanganso, sanasunthepo.

"Tsiku lija ndikanavomera nawo, akanachita kundinyamula," anatero. "Pano akuti aikapo mpando wogonapo alendo. Uikemo ndime imeneyo. Ndipo ukadzainenanso usadzandibisire, ndidzakhale kutsogolo."

Anapukuta manja pachitenje, n'kundikalipira kuti usipa wa kumapeto kwanga ukuuma mbali imodzi.